Mfundu ndi Kuuma kwa Khungu la M'mutu: Kudziwa Gwero Mankhwala Asanagulidwe

Mawu amene mlangizi wa zaumoyo adayankhula pamsonkhano wa chitukuko wa anthu a m'wodi. Asindikizidwa pano kuti amene sadathe kufika nawonso awamve.



Pamisonkhano ngati uno, nkhani zimene zimatenga nthawi yaitali ndi za misewu, milatho, mijigo ndi midadada ya sukulu. Nkhani ya lero ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimenezo, ndipo ena angadabwe kuti yapeza bwanji malo pandandanda. Ndi nkhani ya mfundu, timamba toyera tija timagwera pamapewa munthu akamapesa kapena kukanda m'mutu.

Mfundu siipha munthu, koma imadya ndalama za mabanja ambiri. Munthu amagula botolo ili, osaona kusintha, n'kugula lina, kenaka mafuta ena amene mnzake wamuuza kuti adamuthandiza. Pali ana amene amajomba kusukulu chifukwa anzawo amawaseka zigamba zotuwa za m'mutu. Pali ena amene tsitsi lawo lidathothoka osameranso chifukwa makolo adayesa kuti ndi mfundu wamba, pamene linali vuto lina lofunika mankhwala akumwa. Nthawi zinanso mfundu yoopsa imakhala uthenga woyamba umene thupi limapereka kuti m'kati muli matenda ena.

Mfundo yaikulu ya lero ndi iyi: timamba toyera ta m'mutu sitichokera ku gwero limodzi. Pali mfundu yeniyeni, pali kuuma kwa khungu, palinso chipere cha m'mutu. Zitatuzi zimafanana pamaso, koma machiritso ake ndi osiyana, mwakuti chimene chimathandiza vuto limodzi chikhoza kukulitsa linzake. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Banja lodziwa kusiyanitsa zitatuzi limapulumutsa ndalama, tsitsi ndi nthawi.

Mfundu yeniyeni ndi gwero lake

Khungu la munthu aliyense limadzikonzanso nthawi zonse. Pansi pamamera khungu latsopano, ndipo lakale la pamwamba limafa n'kumayoyoka pang'onopang'ono. Khungu likakhala kuti lili bwino, ntchito imeneyi imatenga pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo tizidutswa togwato timakhala tating'ono kwambiri kotero kuti maso sationa. Mwa munthu wa mfundu khungu limafulumira, n'kumasintha m'masiku osapitirira sabata imodzi. Khungu losakhwimalo limamatirirana n'kupanga timamba tooneka ngati madeya.

Kuti zimenezi zichitike, zinthu zitatu zimakumana. Choyamba ndi mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa lokha kuchokera m'timatumba tokhala m'tsinde mwa tsitsi lililonse. Chachiwiri ndi kachirombo ka mtundu wa yisiti kotchedwa Malassezia. Dzinali lidachokera kwa katswiri wa ku France, Louis-Charles Malassez, amene adafotokoza za kachiromboka m'chaka cha 1874. Kachiromboka kamakhala pakhungu la pafupifupi munthu wamkulu aliyense, wa mfundu ndi wopanda mfundu yemwe. Chakudya chake ndi mafuta a pakhungu aja, ndipo kakamadya kamasiya zotsalira zimene zimalowerera m'khungu n'kuliyabwitsa. Chachitatu ndi chibadwa cha khungu la munthuyo. Khungu la ena silimva kanthu ndi zotsalirazo, pamene la ena limanyerenyesa n'kuyamba kufundula mofulumira.

Zikatere, zikhulupiriro zingapo zimagwa zokha. Mfundu siipatsirana, popeza kachiromboko aliyense ali nako kale. Si chizindikiro cha uve, ngakhale kuti kukhala nthawi yaitali osasamba m'mutu kumachititsa kuti mafuta ndi timamba ziunjikane. Komanso palibe amene walodza munthu wa mfundu. Akatswiri a khungu amati pafupifupi theka la anthu akuluakulu padziko lonse amakhalapo ndi mfundu nthawi ina m'moyo wawo. Imayamba munthu akatha msinkhu, pamene khungu layamba kutulutsa mafuta ochuluka, imavuta kwambiri achinyamata ndi amuna, ndipo kawirikawiri imachepa munthu akamakula. Nkhawa, kutopa, kudwala ndi nyengo yozizira zimaikulitsa.

Timamba ta mfundu timakhala tokulirapo, tamafuta, toyera kapena tachikasu pang'ono, ndipo m'mutu mumayabwa. Ikakula mphamvu imatsikira m'mphepete mwa tsitsi pamphumi, m'nsidze, m'mbali mwa mphuno, kuseri kwa makutu, m'ndevu ndi pachifuwa. Pakhungu lakuda malo amenewa amaoneka otuwa, owala kapena akuda kuposa khungu lozungulira. Ikafika pamenepa, achipatala amailemba m'buku la wodwala kuti seborrhoeic dermatitis.

Kuuma kwa khungu la m'mutu

Vuto lachiwiri ndi losiyana ndi loyambalo. Pamene mfundu imayenda ndi mafuta ochuluka, kuuma kumabwera khungu likasowa mafuta ndi chinyezi. Timamba take timakhala tating'ono, toyera, touma ngati ufa, ndipo timagwa mosavuta. Munthu amamva ngati khungu la m'mutu likukokedwa, makamaka akangotha kusamba. Chizindikiro chodalirika ndi chakuti khungu la m'miyendo, m'mikono ndi kumaso limakhalanso lotuwa nthawi yomweyo.

Nyengo ndiyo gwero loyamba. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti, kunja kukamazizira ndipo mphepo ya Mwera ikamawomba, khungu limataya chinyezi msanga. M'miyezi yomweyi anthu amasamba madzi otentha kwambiri ndi kuwotha moto pafupi, zinthu zimene zimachotsa mafuta ochepa otsalawo.

Gwero lachiwiri ndi sopo. M'makomo ambiri sopo mmodzi yemweyo amachapira zovala, kutsukira mbale ndi kusambira. Sopo wochapira, makamaka wa ufa, adapangidwa kuti azisungunula mafuta pansalu, ndipo akafika pamutu amagwira ntchito yomweyo pakhungu. Thovu likapanda kutsukuluzidwa bwino limauma n'kumayoyoka ngati mfundu. M'madera amene madzi a pamjigo ali ndi mchere, monga mbali zina za ku Chikwawa ndi Nsanje, sopo satsukuluzika msanga ndipo vutoli limakula.

Gwero lachitatu ndi mankhwala okongoletsera tsitsi. Mankhwala ambiri owongolera tsitsi ali ndi soda wamphamvu amene amawotcha khungu akakhalitsa pamutu. Pakapita masiku angapo, khungu lopsalo limapanga nkhanambo n'kumasupuka. Mankhwala odetsera imvi nawonso ena sayanjana nawo, ndipo amatulutsa totupa toyabwa m'mphepete mwa tsitsi, m'makutu ndi m'khosi, nthawi zina mpaka nkhope kutupa.

Kusamalira khungu louma sikulira ndalama zambiri. Madzi osamba akhale ofunda chabe. Pamutu pagwiritsidwe ntchito shampu wamba kapena sopo wosambira, ndipo thovu litsukuluzidwe mpaka litatheratu. Munthu akangosamba, khungu likadali ndi chinyezi, apake mafuta pang'ono pakhungu lenilenilo. Amayi owongola tsitsi adikire masabata osachepera asanu ndi atatu asanabwereze, apake patsitsi lomera kumene lokha, ndipo asapake pamutu pamene pali zilonda kapena pokandika. Wofuna kudetsa imvi ayambe wapaka kadontho kuseri kwa khutu n'kudikira maola 48; pakatupa kapena kuyabwa, mankhwalawo si ake. Khungu louma likasamalidwa motere limasintha m'sabata imodzi kapena ziwiri. Likapanda kusintha, ndiye kuti gwero ndi lina.

Pa nkhani ya mafuta ndi pamene ambiri amasocherera. Munthu wa mfundu akaona timamba amaganiza kuti m'mutu mwauma, ndiye amapakamo mafuta ochuluka tsiku lililonse. Mafutawo amamata timamba kuti tisagwe, ndipo kwa masiku awiri kapena atatu vuto limaoneka ngati latha. Koma mafuta ambiri ochokera ku zomera, kuphatikizapo ophikira, ndi chakudya cha kachirombo kaja, choncho mfundu imabwerera mwamphamvu kuposa kale. Mafuta amathandiza khungu louma. Wa mfundu azipaka mafuta patsitsi lokha, khungu n'kulisiya.

Chipere cha m'mutu mwa ana

Vuto lachitatu ndilo lofunika kuti makolo ndi aphunzitsi alimvetse bwino. Monga zanenedwa kale, mfundu imadalira mafuta amene khungu limayamba kutulutsa ochuluka munthu akatha msinkhu. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi zitatu sakhala ndi mafuta otere, choncho sizichitikachitika kuti akhale ndi mfundu yeniyeni. Mwana wa msinkhu wa kupulayimale akatuwa m'mutu n'kumayoyoka timamba, makolo aganizire za chipere kufikira achipatala atanena zina.

Chipere chimayamba ndi mafangasi a mtundu wina amene amalowa m'kati mwa tsitsi n'kulidya mpaka kuthyoka. Pamutu pamaoneka zigamba zozungulira, zotuwa, zopanda tsitsi kapena za tsitsi lodukaduka. Nthawi zina pamakhala timadontho takuda pamene tsitsi lathyokera pakhungu. Nthawi zina zigamba sizioneka, m'mutu monse mumangotuwa ngati mfundu. Ana ambiri amatupa mwanabere m'khosi kapena pankhongo. Chipere chikalekereredwa chikhoza kusanduka chotupa chachikulu, chofewa, chopweteka ndi chotuluka mafinya. Chotupa chimenechi chikapola chikhoza kusiya chipsera, ndipo pachipsera tsitsi silimeranso moyo wonse.

Mosiyana ndi mfundu, chipere chimapatsirana. Chimadutsa ana akamagundanitsa mitu posewera kapena pogona pamphasa imodzi. Chimayenda pazipeso, zipewa, mathaulo, mitsamiro ndi makina ometera. Amphaka, agalu ndi ana a ng'ombe amene ali ndi zigamba zothothoka ubweya nawonso amapatsira anthu. Mafangasiwa amakhala amoyo kwa miyezi ingapo pachipeso kapena patsitsi lometedwa.

Popeza mafangasiwo ali m'kati mwa tsitsi mpaka kutsinde, mankhwala opaka okha sawafika. Mwana amafunika mankhwala akumwa. Amene amaperekedwa kawirikawiri ndi griseofulvin, ndipo amamwedwa tsiku lililonse kwa masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, pa mlingo umene achipatala amawerengera potengera kulemera kwa mwanayo. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akamwedwa ndi chakudya chokhala ndi mafuta, monga phala la nsinjiro, mkaka kapena mapeyala. Mayi woyembekezera saloledwa kumwa mankhwala amenewa, choncho mapiritsi a mwana asagawidwe kwa wina aliyense m'nyumba. Makolo ambiri amasiya kumwetsa mwana pakatha masabata awiri chifukwa chigamba chayamba kuoneka bwino, ndipo chipere chimabwereranso. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mankhwala amalizidwe monga momwe zalembedwera m'buku la kuchipatala.

Mwana mmodzi akapezeka ndi chipere, abale ake onse aonedwe m'mutu. Zipeso zitsukidwe ndi sopo n'kuviikidwa m'madzi othira kolorini, ndipo zofunda, zipewa ndi nsalu za pamtsamiro zichapidwe ndi madzi otentha n'kuyanikidwa padzuwa. Chotupa chamafinya chija chisafinyidwe kapena kutemedwa ndi lumo. Mwana amene wayamba kumwa mankhwala akhoza kupitiriza sukulu. Palibe chifukwa chomukhazika pakhomo miyezi iwiri.

Zina zofanana ndi mfundu

Makanda ambiri m'miyezi itatu yoyambirira amakhala ndi nkhanambo zachikasu, zamafuta, paliwombo ndi pamwamba pa mutu. Sizipweteka, sizipatsirana, ndipo nthawi zambiri zimatha zokha mwana asanakwanitse chaka. Mayi akhoza kupaka mafuta a ana pang'ono kuti nkhanambozo zifewe, n'kusambitsa mwana ndi sopo wa ana ndi kansalu kofewa. Kumatula ndi zikhadabo kumayambitsa zilonda. Pakatuluka madzi, pakanunkha kapena vuto likafalikira thupi lonse, mwanayo aonetsedwe kusikelo kapena kuchipatala.

Mazira a nsabwe nawonso amaoneka ngati timamba toyera. Kusiyana kwake n'kwakuti mfundu imagwa munthu akasasa tsitsi, pamene mazira a nsabwe amakakamira patsitsi ndipo sachoka popanda kukokedwa ndi zala kapena chipeso cha mano othinana.

Palinso nthenda ya khungu yotchedwa psoriasis. Iyi imapanga mamba okhuthala, a malire ooneka bwino, ndipo kawirikawiri imapezekanso m'zigongono, m'mawondo ndi kumsana. Siipatsirana, koma imafuna chithandizo cha achipatala.

Chinthu china n'chofunika kuchinena mosabisa. Mfundu ikabwera mwadzidzidzi ndi mphamvu yachilendo mwa munthu wamkulu, n'kufalikira kumaso, pachifuwa ndi m'khwapa, osamva mankhwala, ikhoza kukhala chizindikiro chakuti chitetezo cha m'thupi chatsika. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaika vutoli pakati pa zizindikiro zimene zimaoneka msanga mwa anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Izi sizikutanthauza kuti aliyense wa mfundu ali ndi kachiromboka, ndipo palibe amene ayenera kulozedwa chala chifukwa cha timamba ta pamapewa pake. Koma amene mfundu yake yafika potere, makamaka ngati akuwondanso, kutsegula m'mimba kapena kukhosomola nthawi yaitali, achita bwino kukayezetsa magazi. Kuyezetsa n'kwaulere m'zipatala za boma, ndipo munthu akayamba kumwa ma ARV khungu limasintha pamodzi ndi thupi lonse. Okalamba amene ali ndi nthenda yonjenjemera ya Parkinson nawonso amavutika ndi mfundu yambiri.

Kwa ana, tsitsi lopyapyala, lofiirira, lothothoka mosavuta, pamodzi ndi khungu losupuka ndi kutupa mapazi, ndi zizindikiro za kunyentchera. Mwana wotere akufunika chipatala tsiku lomwelo. Khungu la munthu aliyense limadalira zakudya za magulu onse asanu ndi limodzi; nyemba, mtedza, usipa, matemba, mazira, bonongwe ndi nkhwani zili ndi michere imene khungu ndi tsitsi zimafuna.

Kuchiza mfundu

Kwa amene mfundu yake ndi yochepa, kusamba m'mutu pafupipafupi ndi shampu wamba kumakwanira. Ikapitirira, pamafunika shampu ya mankhwala. Wogula asakopeke ndi chithunzi cha pabotolo. Awerenge kuseri pamene palembedwa zimene zili m'katimo. Mayina ofunika kuwayang'ana ndi awa: ketoconazole, selenium sulfide ndi zinc pyrithione, amene amachepetsa kachirombo kaja, salicylic acid, amene amafewetsa ndi kumasula mamba okhuthala, ndi coal tar, amene amachepetsa liwiro la kufundula kwa khungu. Botolo lopanda mankhwala olimbana ndi mfundu ngati amenewa ndi shampu wamba, ngakhale mtengo wake utakwera motani.

Ambiri amene amati mankhwala sadawathandize amakhala kuti adalakwitsa kagwiritsidwe kake. Shampu ya mankhwala ndi ya khungu. Munthu anyowetse mutu, agawe tsitsi m'mizere, apake pakhungu ndi nsonga za zala popanda kukanda ndi zikhadabo, ndipo adikire mphindi zitatu mpaka zisanu asanatsukuluze. Wopaka n'kutsukuluza nthawi yomweyo amangotaya ndalama m'bafa. Shampu ya ketoconazole ya mphamvu ya 2 peresenti imagwiritsidwa ntchito kawiri pasabata kwa masabata awiri mpaka anayi, kenaka kamodzi pasabata kapena pa masabata awiri kuti mfundu isabwerere. Amene tsitsi lawo limauma ndi kuthyoka msanga akhoza kugwiritsa ntchito kamodzi pasabata, n'kupaka zofewetsa patsitsi akamaliza. Thovu likalowa m'maso atsukemo ndi madzi ambiri. Shampu ya selenium sulfide isapakidwe pamutu wa zilonda, ndipo ikapanda kutsukuluzidwa bwino imasintha mtundu wa imvi ndi tsitsi lodetsedwa. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi makolo a ana aang'ono afunse kaye achipatala.

Amayi amene amaluka tsitsi kapena kuvala mawigi ali ndi mbali yawo. Maluko akakhala miyezi itatu mutu osaona madzi, thukuta, mafuta ndi fumbi zimaunjikana pansi pake. Mutu woluka ukhoza kusambitsidwa m'mizere sabata iliyonse kapena masabata awiri aliwonse, n'kuumitsidwa bwino duku kapena wigi isanavalidwe. Maluko amasulidwe pakatha masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu. Maluko othina kwambiri, aja amalepheretsa munthu kugona tsiku loyamba, amazula tsitsi la m'mphepete mwa mphumi, ndipo zikachitika kwa zaka zambiri tsitsilo silibwereranso.

Mfundu siitheratu kamodzin'kamodzi. Popeza kachirombo kaja ndi ka pakhungu pomwepo, munthu akasiya kusamala mfundu imabwerera. Zimenezi sizitanthauza kuti mankhwala adali achinyengo. Munthu amangobwereza njira yomwe ija. Koma pakatha masabata anayi akugwiritsa ntchito mankhwala moyenera popanda kusintha, kapena pakaoneka zilonda, mafinya, kutupa ndi kuthothoka kwa tsitsi, nthawi yakwana yopita kuchipatala chaching'ono cha m'dera atatenga buku lake. Vuto likawakulira, iwo amatumiza wodwala kuchipatala cha boma, ndipo kuchokera kumeneko akhoza kutumizidwa ku zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu.

Zosayenera kupaka pamutu

Pofuna kuchira msanga, ena amapaka pazipere mafuta a mabuleki a galimoto, oyilo wakuda, palafini, phulusa la mabatire kapena utomoni wa zomera zowotcha. Zinthu zimenezi zimapsereza khungu, zimatsegula njira ya matenda ena, ndipo chipsera chake chimapha tsitsi. Mankhwala ophera tizirombo m'munda kapena osambitsira ziweto asayandikire pamutu pa munthu, chifukwa amalowa m'thupi kudzera pakhungu ndipo akhoza kupha mwana.

Enanso amagula pamsika timachubu ta mafuta amphamvu okhala ndi betamethasone kapena clobetasol, omwe ena amayeretsera khungu. Mafutawa amaletsa kuyabwa msanga, n'chifukwa chake anthu amawakhulupirira. Koma akapakidwa pachipere amachibisa kwinaku chikufalikira, ndipo akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amapyapyalitsa khungu. Achipatala amawapereka nthawi zina pa mfundu yoopsa, koma kwa masiku owerengeka ndiponso atamuona wodwalayo. Mankhwala agulidwe m'malo ovomerezeka ndi bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno la PMRA, ndipo wogula aone tsiku lothera mphamvu.

Udindo wa anthu a m'wodi

Mfundu ndi kuuma kwa khungu ndi nkhani za pakhomo, koma chipere ndi nkhani ya mudzi wonse, chifukwa banja limodzi likachiza mwana wake pamene anzake a m'kalasi sadachizidwe, mwanayo amatenganso.

Ometa tsitsi ali pakati penipeni pa nkhondo imeneyi. Makina amodzi amadutsa pamitu yambiri tsiku limodzi, makamaka sukulu zikamatsegulidwa. Akamaliza kumeta munthu, wometa achotse tsitsi lonse m'mano a makina ndi kaburashi, kenaka apukute kapena kuviika manowo m'spiriti ndi kudikira kuti aume. Kungowaza spiriti pamwamba pa tsitsi lodzaza m'makina sikupha kanthu. Zipeso ndi tizipangizo ta pulasitiki zitsukidwe ndi sopo n'kuviikidwa m'madzi a kolorini. Lumo likhale latsopano kwa munthu aliyense, litsegulidwe iye akuona, popeza lumo lobwereza likhoza kufalitsanso matenda oyenda m'magazi monga a chiwindi. Wometa akaona chigamba pamutu pa mwana, auze kholo mwaulemu ndi kumbali kuti akaonetse kuchipatala. Eni masaluni nawonso achape mathaulo tsiku lililonse ndi kutsatira nthawi yolembedwa pa mankhwala owongolera tsitsi. Wometa waukhondo sasowa makasitomala.

Aphunzitsi, makomiti a sukulu ndi magulu a amayi a pasukulu akhoza kuyang'ana mitu ya ana poyamba pa teremu iliyonse, n'kudziwitsa makolo ndi alangizi a zaumoyo. Ntchitoyi ichitike mosachititsa mwana manyazi pamaso pa anzake. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Wosekedwa lero chifukwa cha zigamba akhoza kusiya sukulu mawa.

Makomiti a mijigo nawonso nkhaniyi ikuwakhudza. Mjigo ukawonongeka n'kukhala miyezi osakonzedwa, madzi ochepa amene mayi wasenza kuchokera kutali amayamba apita kumphika ndi kumtsuko wa akumwa, ndipo kusambitsa ana m'mutu ndi kuchapa zofunda kumatsalira. Kusonkha ndalama za thumba lokonzetsera mjigo ndi mbali ya kuteteza khungu la ana. Mafumu ndi makomiti a chitukuko akhoza kugwirizana ndi ometa a m'misika ya m'dera pa malamulo ochepa a ukhondo, ndipo alangizi a zaumoyo ndi okonzeka kukawaphunzitsa akaitanidwa.

Pomaliza, mafunso atatu akhoza kutsogolera banja lililonse ndalama isanatuluke m'thumba. Kodi wodwalayo ndi mwana kapena wamkulu? Ngati ndi mwana wosatha msinkhu, ayambire kuchipatala. Kodi timambato ndi tamafuta kapena touma ngati ufa, thupi lonse lili lotuwa? Tamafuta timafuna shampu ya mankhwala, touma timafuna sopo wofatsa ndi mafuta pang'ono. Kodi tsitsi likuthothoka, pali zilonda, kapena vuto latsikira kumaso ndi pachifuwa? Ngati ndi choncho, nkhaniyo yaposa ya m'golosale, ndipo achipatala ndiwo ayenera kuiona.

A Gogo Chalo, a Khansala, amayi ndi abambo, uthengawu ukafike kwa amene atsala kunyumba, makamaka kwa ometa tsitsi ndi kwa makolo a ana a sukulu.